Nkhope ya M'supuni: Mmene Akalilole Opindika Amabwezera Kuwala

Munthu wokhala ku Area 18 mumzinda wa Lilongwe amadutsana ndi akalilole opindika ambiri tsiku lililonse, kungoti sawawerenga. Minibasi iliyonse imene yaima pa siteji m'mawa ili ndi magalasi m'mbali, oti dalaivala azioneramo zakumbuyo. Njinga yamoto ya kabaza ili ndi ake. Kuseri kwa babu la nyali ya galimoto kuli chinthu chonyezimira chokumbika. Pamakoma a nyumba za ku 18A ndi 18B pali madishi a wailesi yakanema, ndipo nawonso ndi akalilole, ngakhale munthu sangapesere tsitsi pamenepo. Ndiye pali wina wa m'khitchini amene ana amayamba kumuzindikira akulu asanamuganizire n'komwe: supuni.

Mwana akatsuka supuni n'kusuzumira mkati mwake, amapeza nkhope yake ili chadodolido. Akaitembenuza, nkhope ija yaimirira bwinobwino, koma mphuno yakula ndipo makutu athawira kutali. Amafunsa, "Amayi, bwanji ndazondoka?" Nthawi zambiri yankho limakhala lakuti, "Iwe, tamaliza kutsuka mbalezo." Koma funso limeneli lili ndi yankho, ndipo kholo, mphunzitsi kapena mkulu wake wa mwanayo angathe kulipereka popanda kudziwa masamu ovuta. Chofunika kugwira ndi chimodzi: kalilole wopindika alibe lamulo lakelake. Amamvera lamulo lomwe lija la kalilole wamba wapakhoma, ndipo zodabwitsa zonse zimachokera pa kupindikako basi.

Kuwala kumayenda mowongoka

Tiyambire pa zimene mwana anaziona kale. M'khitchini ya denga la malata lobooka pena, utsi ukadzaza, dzuwa lolowera pabowopo limalemba mzere wowongoka kuchokera kudenga mpaka pansi. Silikhota, silizungulira mphika. Kuwala kumayenda choncho, ndipo kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Kuchoka kudzuwa kufika kuno kumatenga mphindi 8 ndi masekondi 20.

Musanapitirire, funsani ana kuti timaona bwanji zinthu. Ambiri amayankha ngati kuti diso ndi limene limatumiza chinachake kukakhudza chinthucho. Musawaseke, chifukwa akatswiri akale monga Euclid ndi Ptolemy ankaganizanso motero. Amene anatsutsa maganizo amenewa mogwira mtima ndi Ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra cha m'ma 965, amene anagwira ntchito yake yaikulu ku Cairo, mu Africa momwe muno. M'buku lake lotchedwa Kitab al-Manazir, limene analemba pakati pa 1011 ndi 1021, anasonyeza poyesa zinthu kuti kuwala kumachoka pa chinthu n'kulowa m'diso. Anafufuzanso kwambiri za akalilole opindika.

Ana angadzitsimikizire okha usiku magetsi akathima. Tsekani mazenera kuti m'chipinda mukhale bii, muwapatse kalilole. Saona kanthu, ngakhale atong'ole maso chotani. Yatsani kandulo, nkhope ibwera. Apa aphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi: diso limadikira kuwala, ndipo kalilole sapanga kuwala kwake, amangobweza kumene kwamufika.

Lamulo limodzi lokha

Mwana aliyense amene anamenyapo mpira pakhoma amalidziwa kale lamuloli, kungoti sanalitchulepo. Mpira ukaumenya molunjika khoma, umabwerera kumapazi ako. Ukaumenya chopendekera kuchokera kumanzere, umanjanja n'kupita kumanja, mopendekera chimodzimodzi. Kuwala kukafika pa kalilole kumatero. Yerekezani mzere woima chilili pamalo pamene kuwalako kwagunda. Kukabwera kopendekera madigiri 30 mbali imodzi ya mzerewo, kumachoka kopendekera madigiri 30 mbali inayo. Kukabwera pa 60, kumachoka pa 60. Lamulo lonse ndi lomweli.

Kuti ana alione ndi maso, mufunika chipeso, pepala loyera ndi kagalasi kakang'ono kodziyang'anira. Dzuwa likapendeka madzulo, yalani pepala pansi pamene palowa dzuwa, muimike chipeso m'mphepete mwake. Mano a chipeso amadula kuwala kukhala mizere yambiri yoyenda limodzi. Imikani kagalasi patsogolo pa mizereyo, muona ikukhotera mbali ina yonse pamodzi, osasokonezana. Mwana apotoze kagalasiko pang'onopang'ono, mizere izisuntha. Tochi nayo imagwira ntchito m'chipinda chamdima, bola ikhale chapatali pang'ono ndi chipesocho.

Nanga bwanji khoma lopaka laimu silionetsa nkhope, chonsecho limabweza kuwala kochuluka? Chifukwa ndi lokhakhala. Kachigawo kalikonse ka khomalo kamamvera lamulo lija, koma tizigawoto tayang'ana uku ndi uku, ndiye kuwala kumabalalika. Madzi a m'beseni akadekha amaonetsa nkhope. Mukawavundula ndi chala, nkhope imasweka. Sefuliya yatsopano imaonetsa chithunzi, yokwechedwa ndi mchenga imangowala mbuu. Pa kalilole wogula kusitolo, chimene chimabweza kuwala si galasi ayi, koma chitsulo chopyapyala kwambiri, siliva kapena aluminiyamu, chomatidwa kumbuyo kwake. Galasi ntchito yake ndi kuchisunga chosalala. Njira yomatira siliva pagalasi anaitulukira Justus von Liebig wa ku Germany mu 1835.

Tikamupinda kalilole

Apa ndi pamene ana ambiri amasokera, chifukwa buku limalumpha kuchoka pa kalilole wafulati n'kufika pa zojambula za mizere yopingasana. Pakatipa pali sitepe imodzi yosafunika kuidumpha. Kalilole wopindika tingamuone ngati timagalasi tafulati tambirimbiri, tating'ono zedi, tolumikizana, kalikonse kopendekera mosiyana pang'ono ndi kanzake. Kalikonse kakutsata lamulo lija pamalo pake.

Ana akhoza kupanga kalilole wotere ndi matupi awo. Tengani ana khumi kapena kuposerapo, aliyense ndi kagalasi, aime mokhota ngati uta moyang'ana khoma limene lili mumthunzi. Jambulani kabwalo ndi choko pakhomapo, muwauze onse aponyemo dzuwa. Poyamba pamakhala chipwirikiti, timawanga towala tikuvina khoma lonse. Akalondoleza, kabwalo kaja kamawala kwambiri, ndipo munthu akagwira khoma pamenepo amamva kufunda. Tsopano afunseni ayang'ane mmene aliyense wagwirira kagalasi kake. Wa kumapeto kwa uta wapendeketsa kwambiri, wa pakati pang'ono chabe. Timagalasi tonseti titalumikizidwa mmene tililimo, tingapange kalilole mmodzi wokumbika.

Kupindika kulipo kwa mitundu iwiri. Kalilole wolowa mkati, monga mkati mwa supuni, timagalasi take tonse tayang'ana chapakati, choncho amasonkhanitsa kuwala. M'mabuku akusukulu amamutcha concave. Kalilole wotundumuka, monga kumsana kwa supuni, timagalasi take tayang'ana kunja, kalikonse kwake, choncho amamwaza kuwala. Ameneyu ndiye convex. Bwererani ku chipeso chija. Dulani kachitsulo konyezimira kotha kupindika, kapena matani pepala lonyezimira la aluminiyamu pa katoni yopyapyala, mukaimike pamizere ija. Mukakapinda molowa, mizere imathamangira pamalo amodzi n'kupingasana. Mukakapinda motundumuka, imatasa. Malo amene mizere yakumana aja ndiwo pokumanira kuwala, pa Chingerezi focus. Ngakhale m'kapu ya tiyi mumaoneka zimenezi: dzuwa likagunda mkati mwa kapu, pamwamba pa tiyi pamabwera kamzere kowala kokhota, kosongoka pakati.

Pokumanira pamakhala pati? Ngati kalilole ali chibenthu cha mpira wozungulira, pamakhala pa theka la mtunda wochoka pa kalilole kufika pakati pa mpirawo. Mtundawo ukakhala masentimita 40, pokumanira pali pa 20. Kalilole akapindika kwambiri, pokumanira pamayandikira. Pa supuni yapatebulo pali pa masentimita awiri kapena atatu okha.

Chifukwa chake nkhope imazondoka

Tsopano funso la mwana lija layankhika theka. Kuwala kochokera pachipumi kukagunda mkati mwa supuni, kumabwezedwa chotsika. Kochokera pachibwano kumabwezedwa chokwera. Mizere iwiriyi imapingasana pafupi ndi supuni, ndipo ikapitirira popingasanapo, ya chipumi ili m'munsi, ya chibwano ili m'mwamba. Diso lili kutali, kuseri kwa popingasanapo, ndiye limalandira zinthu zitasinthana kale malo. Kumanja ndi kumanzere nakonso kumasinthana mwanjira yomweyo. Mwana atsinzine diso limodzi aone lomwe latsinzina m'supunimo.

Chosangalatsa n'chakuti kuzondokaku sikuchitika nthawi zonse. Mwana atenge pensulo, aloze nsonga yake mkati mwa supuni, aziyandikiza pang'onopang'ono. Ili patali, chithunzi chake n'chaching'ono ndi chozondoka. Ikamayandikira, chithunzi chimakula, kenaka chimasokonezeka n'kudzaza supuni yonse, ndipo nsonga ikangolowa mkati mwa pokumanira, chithunzi chimaimirira, chachikulu kuposa pensuloyo. Chachitika n'chakuti chinthu chikayandikira choncho, mizere yobwezedwa sipingasananso. Imachoka motasa pang'ono, ndipo diso limaiona ngati ikuchokera ku chinthu chachikulu chimene chili kuseri kwa kalilole. Zimafuna dzanja lodekha, ndipo ana ambiri amaphonya ulendo woyamba. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Asiyeni abwereze mpaka aone okha, musawauziretu.

Magalasi okuza nkhope, amene abambo ena amametera ndevu ndipo amayi amadzikonzera nsidze, ndi akalilole olowa mkati opindika pang'ono chabe. Pokumanira pake pali patali, choncho nkhope imakhala mkati mwake, n'kuoneka yaikulu ndi yoimirira. Koma imikani galasi lomwelo patebulo, mubwerere m'mbuyo mpaka kukhomo. Pena pake nkhope isungunuka, kenaka ibwera ili chadodolido, ngati ya m'supuni ija.

Galasi lotere likapezeka pakhomo, pali chinthu china chimene ana sachiiwala. Imani m'chipinda chamdima pang'ono, mulozetse galasilo ku zenera lowala, osati kudzuwa, ndipo mugwire kapepala koyera patsogolo pake, chapambali pang'ono kuti kasatchinge kuwala. Sunthani kapepalako mpaka pa pokumanira. Pamenepo pamaoneka zenera lonse, mtengo wa panja ndi munthu wodutsa, zonse zazing'ono, zamitundu yake, zozondoka. Chithunzi chimenechi n'chenicheni, kuwala kwafikadi papepalapo. Kalilole wapakhoma sangachite zimenezi, chifukwa chithunzi chake chimangooneka ngati chili kuseri kwa galasi kumene kulibe kuwala kulikonse.

Kalilole wa dalaivala

Kalilole wotundumuka ndi wosavuta. Kaya muime pafupi kaya patali, chithunzi chimakhala choimirira ndiponso chaching'ono. Popeza timagalasi take tayang'ana mbali zambiri, amatola kuwala kochokera dera lalikulu n'kukupanikiza pamalo aang'ono. N'chifukwa chake amamuika m'mbali mwa galimoto ndi pa njinga zamoto, ndipo masitolo ena amamupachika pakona kuti wogulitsa aone mashelefu onse ali pakauntala.

Phindu limeneli lili ndi mtengo wake. Ubongo wathu unazolowera kuti chinthu chooneka chaching'ono chili kutali. Galimoto yooneka m'galasi lotundumuka imakhala pafupi kuposa mmene ikuonekera, ndipo magalasi ena a galimoto zochokera kunja amabwera ndi chenjezo lolembedwa pa nkhani yomweyi. Pa Area 18, pamene kale panali bwalo lozungulira magalimoto, kuyambira 2020 pali misewu yodutsana pamwamba ndi pansi, ndipo galimoto zimalowa mu M1 chammbali zikuthamanga. Dalaivala wolowa pamenepo amadalira galasi lam'mbali, koma wanzeru amacheukanso.

Pali mfundo ina imene, kunena zoona, ndi yofunika kwa mwana kuposa zonse za m'mutu uno. Njira ya kuwala ndi imodzi popita ndi pobwera. Ngati iwe ukuona maso a dalaivala m'galasi lake, iyenso angathe kukuona. Ngati sukuona nkhope yake m'galasimo, iye sakukuona kudzera m'galasilo. Mwana wopalasa njinga pambali pa lole, kapena woima kumbuyo kwa minibasi imene ikufuna kubwerera m'mbuyo, azidziwa zimenezi. Mungaziyese pakhomo, galimoto itazimitsidwa: mmodzi akhale pampando wa dalaivala, ena azizungulira, azinena pamene wasowa m'galasi.

Tochi ndi dishi

Ngati njira ya kuwala ndi imodzi popita ndi pobwera, ndiye kuti kalilole wolowa mkati angagwire ntchito mobwerera. Mizere yoyenda limodzi imakumana pa pokumanira. Choncho babu likaikidwa pa pokumanirapo, kuwala kwake kumagunda kalilole n'kutuluka konse kolunjika kutsogolo. Imeneyo ndiyo tochi. Masulani kumutu kwa tochi yakale muchotse kambale konyezimira, muone mmene kuwala kumamwazikira osafika patali. Nyali za galimoto zambiri zimagwira ntchito mofananamo.

Chibenthu cha mpira sichisonkhanitsa kuwala pa kadontho kamodzi ndendende. Mizere ya m'mphepete imaphonya pang'ono. Kupindika kumene kumalondola bwino kumatchedwa parabola, ndipo ndi kofanana ndi njira imene mwala woponyedwa m'mwamba umadutsa. Katswiri wa ku Greece dzina lake Diocles anasonyeza zimenezi zaka pafupifupi 200 Yesu asanabadwe.

Dishi ya wailesi yakanema ndi chibenthu cha parabola. Imalandira mafunde a wailesi, amene ndi amtundu umodzi ndi kuwala koma osaoneka ndi maso, ochokera ku setilaiti imene ili makilomita pafupifupi 36,000 m'mwamba. Mafundewo amafika ofooka kwambiri, ndiye dishi imawatola pamalo aakulu n'kuwaponya onse pa kachipangizo kali kunsonga kwa mkono wake. Kachipangizoko kakhala pa pokumanira. Mkono ukapindika ndi mphepo kapena mpira wa ana, zithunzi zimasowa. Tumani ana ayende mumsewu wa kwawo aone madishi a DStv: onse ayang'ana kumodzi, chifukwa akuyang'ana setilaiti imodzi, imene imazungulira pamodzi ndi dziko moti kwa ife imaoneka yoima. Wina adzafunsa kuti bwanji dishi sinyezimira ngati ilidi kalilole. Mafunde amene imalandira ndi aatali masentimita awiri kapena atatu, pamene a kuwala safika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Kukhakhala kwa penti, kumene kumabalalitsa kuwala, kwa mafunde aataliwo si kanthu.

Akalilole oyang'ana nyenyezi

Mu 1668 Isaac Newton wa ku England anapanga telesikopu yogwiritsa ntchito kalilole wolowa mkati, waung'ono wokwana m'dzanja. Lero matelesikopu onse akuluakulu amatsata njira imeneyi. Kalilole akakula, amatola kuwala kochuluka, ndipo nyenyezi zofooka zimaoneka. Ku Sutherland, ku South Africa, kuli telesikopu yotchedwa SALT imene inatsegulidwa mu 2005. Kalilole wake ndi wa mamita pafupifupi 11 m'lifupi, ndipo anamupanga polumikiza timagalasi 91 ta mbali zisanu ndi imodzi. Ana amene anaima mokhota ndi timagalasi tawo aja sangavutike kumvetsa zimenezi. Telesikopu ya James Webb, imene inaponyedwa mumlengalenga pa 25 December 2021, ili ndi zigawo 18 zokutidwa ndi golide, zopanga kalilole wa mamita 6.5.

Kupindika kwake kumafuna kulondola koopsa. Telesikopu ya Hubble itakwera mu 1990, zithunzi zake zinatuluka zachimbuuzi. Anapeza kuti m'mphepete mwa kalilole wake wa mamita 2.4 munaphonyeka ndi kamlingo kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi maulendo pafupifupi 50. Mu December 1993 anthu anachita kupita komweko kukaikamo timagalasi tokonza vutolo.

M'kalasi ya ana ambiri

Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi a m'matauni ngati Kawale, Chinsapo ndi Area 25 ndi odzaza, ndipo zipangizo za sayansi n'zosowa. Aphunzitsi amene anadutsa m'makoleji athu amadziwa mawu akuti TALULAR, amene bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi lakhala likulimbikitsa, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi. Pa nkhani ya akalilole, mfundo imeneyi imakwanira bwino kuposa pa nkhani zina zambiri. Palibe chimene tatchula pamwambapa chofuna labotale.

Chimene chimavuta si zipangizo koma dongosolo. Mwambo wathu ndi woyamba ndi dzina: mphunzitsi alemba concave ndi convex pabolodi, ana abwereza mokweza, akopera zojambula, ndipo pa mayeso theka la kalasi lisinthanitsa mawu awiriwo. Dongosolo labwino ndi lotembenuza. Ana ayambe aona. Kenaka, asanayese chinthu chatsopano, anene chimene akuganiza kuti chichitika, ndi chifukwa chake, m'Chichewa chawo chomwe. Ayese. Zikasiyana ndi zimene ananena, atsutsane okhaokha, ndipo phokoso limenelo si kusokonekera kwa kalasi ayi. Akatha apo ajambule zimene aona papepala lija la chipeso, potsatira mizere ya kuwala ndi pensulo. Mawu a Chingerezi abwere pomaliza, kudzakhala pa chinthu chimene mwana wachigwira kale. Mawuwo ndi ofunika, mayeso a MANEB sabwera m'Chichewa pa phunziro ili, koma asatsogole.

Msinkhu nawo uganiziridwe. Wa Sitandade 2 zimamukwanira kuseka nkhope yake ndi kusiyanitsa mbali ziwiri za supuni. Wa Sitandade 6 kapena 7 angathe za chipeso ndi za timagalasi tambiri. Kuyeza mtunda wa pokumanira ndi rula kudikire wa kusekondale.

Moto wochokera kudzuwa

Phunziro limene ana amalikonda koposa ndi loopsanso koposa, n'chifukwa chake talisungira kumapeto. Dzuwa la masana, kumwamba kuli kopanda mitambo, limathira mphamvu pafupifupi mawati 1,000 pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Kalilole wolowa mkati akasonkhanitsa mphamvu yonseyo pamalo ochepa, pamayaka moto. Kuyambira mu 1936, muuni wa masewera a Olympic amauyatsa motere ku Olympia m'dziko la Greece. Palinso nthano yakuti Archimedes anatentha zombo za Aroma ku Syracuse ndi akalilole cha m'ma 212 Yesu asanabadwe, koma akatswiri ambiri a mbiri saikhulupirira. Zimene zinachitikadi ndi za ku London mu 2013: nyumba yosanja ya pa 20 Fenchurch Street, imene khoma lake lagalasi ndi lolowa mkati, inasonkhanitsa dzuwa mumsewu mpaka kusungunula mbali zina za galimoto yoimikidwa pamenepo. Anachita kuika zotchinga pakhomalo.

Mphamvu yomweyi imapanga magetsi. Pafupi ndi Pofadder ku South Africa pali malo otchedwa KaXu Solar One, amene anayamba ntchito mu 2015 ndipo amatulutsa mamegawati 100. Kumeneko kuli mizere italiitali ya akalilole opindika, amene amatenthetsa mafuta oyenda m'mipope. Mafutawo amawiritsa madzi, nthunzi n'kuzunguza makina. Ana asasokoneze zimenezi ndi masola a padenga kapena a ku Nanjoka ku Salima, amene anatsegulidwa mu 2021 ndi mamegawati 60. Masola amenewo si akalilole. Ndi akuda dala, kuti amwe kuwala n'kukusandutsa magetsi, osati kukubweza.

Pakhomo, kalilole wolowa mkati amaphika. Dishi yakale ya masentimita 90 ikamatidwa pepala lonyezimira la aluminiyamu imatola mawati pafupifupi 600, ndipo ngakhale ena amatayika, otsalawo amawiritsa madzi m'kampoto kakuda koikidwa pamene panali kachipangizo kaja. Poona mtengo wa thumba la makala ndi mmene nkhalango ya Dzalanyama yathera, munthu angafunse chifukwa chake nyumba zonse sizinatengere njira imeneyi. Zifukwa zake n'zomveka. Banja limafuna moto m'mamawa ndi madzulo, pamene dzuwa palibe. M'nyengo ya mvula mitambo imatchinga. Dishi imafuna kuisuntha pafupipafupi kutsatira dzuwa, ndipo kuthyakula nsima uli chiimire padzuwa, kuwala kukukuthobwa m'maso, si ntchito imene munthu angaikonde. Pophika nyemba masana kapena kuwiritsa madzi akumwa m'chilimwe imathandiza ndithu, koma mbaula siingailowe m'malo.

Mukafuna kuonetsa ana zimenezi, wamkulu ndiye agwire chilichonse. Pa pokumanira pa dishi yotere, pepala kapena kamtengo kouma kamagwira moto m'masekondi ochepa, ndipo kuwalako sikuoneka mumpweya, choncho dzanja likhoza kulowapo mwini wake osadziwa. Ana aime kumbuyo kwa dishi, osati kutsogolo. Asayang'ane dzuwa m'kalilole wamtundu uliwonse, ngakhale wafulati, ndipo asamaponyerane dzuwa kumaso posewera, chifukwa mkati mwa diso mukapsa munthu samva ululu nthawi yomweyo, koma chilemacho chikhoza kukhala cha moyo wonse. Mukamaliza, fundikani dishiyo ndi chiguduli kapena muilowetse m'nyumba. Musaisiye panja pafupi ndi mpanda waudzu kapena zovala zoyanika, chifukwa dzuwa limasuntha, ndipo pokumanira kuwala pamasuntha nalo.